Dambo la Njovu Lopanda Njovu

Pakati pa Chikwawa ndi Nsanje mtsinje wa Shire umataya njira yake, numwazika m'timifuleni tambirimbiri pakati pa mabango ndi gumbwa. Malo amenewa pamapu alembedwa kuti Elephant Marsh, ndiye kuti Dambo la Njovu. Koma mlendo amene angakwere bwato lero, nayendayenda m'dambomo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sadzaona njovu ndi imodzi yomwe. Tiyenera kufunsa kuti kodi dzinali lidachokera kuti, ndipo eni ake adapita kuti?

M'chaka cha 1859 David Livingstone adakwera Shire pa sitima yapamadzi yotchedwa Ma-Robert, imene inkayenda ndi moto wa nkhuni. Podutsa m'damboli adaona njovu zimene adaziyerekeza kuti zidakwana 800, ndipo ndiye adapatsa malowo dzina lija. Amang'anja, eni dziko, adali atakhala nazo nyamazo mibadwomibadwo, akulima m'madimba, akuwedza nsomba ndi kuphika mchere.

Njira imene idatsekuka pamenepo idadzetsa zabwino ndi zoipa pamodzi. Mu 1861 sitima ya Pioneer idabwera ndi Episkopi Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican, amene adamwalira ndi malungo mu 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Mu 1863, nkhondo za ogwira akapolo ndi njala zitasakaza chigwa chonse, mitembo inkayandama pamtsinje mpaka kukola m'mikombero ya sitima. Mu 1875 sitima ya Ilala idadzera momwemo; pofika pa mathithi adaimasula, ndipo amuna mazanamazana adaisenza pamutu kukailumikizanso kumtunda. Ansembe oyamba a chipani cha Montfort, amene adatsekula mishoni ya Nzama mu 1901, nawonso adalowa m'dziko lino kudzera pamadzi omwewa.

Sitima zimene zinkakwera ndi nsalu, mikanda ndi mfuti zinkatsika ndi minyanga. Boma la atsamunda lidaika damboli kukhala malo osungirako nyama mu 1897, koma lidachedwa. M'zaka zochepa njovu zidatheratu, ndipo pambuyo pake lamulo lija lidafafanizidwa. Sitimazo nazonso zidayamba kuchepa njanji itafika ku Blantyre mu 1908. Akuluakulu adanena kuti madzi akatayika sawoleka.

Komabe damboli silidafe. Mwini bwato akamapalasa mwakachetechete, mvuu zimatulutsa mphuno ndi makutu, ng'ona zimaothera dzuwa pamchenga, nkhwazi imalira pamwamba pa mtengo, ndipo akakowa amayera mbee m'mbali mwa madzi. Asodzi amagwiramo milamba ndi mphende. M'zaka za chilala mabanja a Asena ndi Amang'anja akhala akupulumuka pofukula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi. Pa nthawi ya chigumula damboli limalandira madzi ochuluka amene akadathamangira kumidzi ya kunsi. N'chifukwa chake mu 2017 lidalembedwa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi.

Zimene zikuliopseza tsopano si mfuti za alenje ai. Ndi dothi lokokoloka kumapiri kumene tadula mitengo, ndi namasupuni wotseka njira za mabwato, ndiponso maukonde a maso ang'onoang'ono amene amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Pa zonsezi sitingaloze chala mlendo.

Tiri nacho chitsanzo cholimbitsa mtima pafupi pomwepo. Ku nkhalango ya Majete njovu zidatha m'zaka zoyamba za m'ma 1990, koma kuyambira mu 2006 adazibwezeramo, ndipo zaswana. Kumeneko nkhalango idalipobe yoti izilandire. Dambo likakwiririka ndi matope sipadzakhala pobwezera mvuu, nsomba kapena mbalame. Makolo athu adatisiyira dzina la njovu popanda njovuzo. Ife tisasiyire ana athu dzina la dambo popanda madzi ake.