Mapale a Pabwinja la District Six

Bwinja silisowa umboni. Mudzi ukasamuka nyumba zimagwa, pabwalo pamamera udzu, koma munthu wodutsa pamalopo amapunthwa pa mafuwa, amaona phulusa ndi mapale, ndipo amadziwa kuti pamenepa padali anthu. Mumzinda wa Cape Town, m'dziko la South Africa, muli bwinja lotere pakati pa phiri la Table Mountain ndi doko. Dzina lake ndi District Six. Eni malowa sadachoke kaamba ka maliro, njala kapena kuguga kwa nthaka, monga amasamukira anthu m'midzi. Adachita kupirikitsidwa ndi lamulo. Patapita zaka, amisiri a zaluso adayamba kutola mapale a pabwinjapo ndi kuwaonetsa kwa anthu, poyamba mmodzimmodzi, kenaka m'magulu.

Dera limeneli lidalandira dzina lake m'chaka cha 1867, pamene mzinda wa Cape Town udagawidwa m'zigawo, ilo n'kukhala chigawo chachisanu ndi chimodzi. M'menemo munkakhala zidzukulu za akapolo omasulidwa, ogwira ntchito padoko, atelala, amalonda achimwenye, Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, makaladi, anthu akuda ndiponso azungu osauka. Mizikiti ndi matchalitchi zidali moyandikana, ndipo msewu wa Hanover Street ndiwo udali msana wa dera lonselo. Boma la tsankho silidakondwere ndi kusakanikirana kotereku pafupi ndi pakati pa mzinda. Pa 11 February 1966, potsata lamulo la Group Areas Act la 1950, lidalengeza kuti District Six ndi malo a azungu okha. Akatapila adayamba kugumula nyumba m'chaka cha 1968, ndipo pofika 1982 anthu oposa 60,000 adali atasamutsidwira ku Cape Flats, chigwa chamchenga chakutali ndi ntchito zawo. Chidatsala chiimire ndi matchalitchi, mizikiti ndi sukulu zowerengeka. Dzina nalo adalifafaniza, malowo n'kuwatcha Zonnebloem. Chopweteka china n'chakuti madera ena atsopano a ku Cape Flats adapatsidwa maina obwereka ku misewu yogumulidwayo, monga Hanover Park ndi Lavender Hill, ngati kuti dzina lokha lingatonthoze munthu wolandidwa nyumba.

District Six adajambulidwapo kale asadagumulidwe. Gerard Sekoto, amene adakhalamo m'zaka zoyambirira za m'ma 1940, adajambula misewu ndi anthu ake ndi utoto. Koma wojambula ndi utoto amasowa chinthu choti achiyang'ane. Nanga nyumba zitasanduka milu ya njerwa, mmisiri akadajambula chiyani? Apa mpamene padalowera luso losakaniza zipangizo. Mmisiri wa luso limeneli sadalira utoto wokha kapena mtengo wosema wokha. Amatenga chitseko chakale, chithunzi, nsalu, chitsulo, ngakhale mawu a munthu ojambulidwa pa tepi, n'kuzilumikiza kuti zinene chinthu chimodzi. Chithunzi cha utoto chimauza woona kuti mbale idali yotere. Phale la mbaleyo limamuuza kuti mbale yake ndi iyi, ndipo wina adadyerapo.

Mmodzi mwa oyamba kuchita zimenezi adali Sue Williamson. M'chaka cha 1981, kugumula kuli pafupi kutha, iye adazolowerana ndi banja la Naz Ebrahim, mayi amene adalimbana kolimba ndi kusamutsidwaku ndipo ankakhala m'nyumba yotchedwa Manley Villa. Williamson adajambula zithunzi za banjalo likuchita chikondwerero cha Eid komaliza m'nyumbamo. Chaka chomwecho adatuta zigumukire za nyumba zogwetsedwa, nakaziunjika pakati pa chipinda choonetseramo zaluso, atazizunguliza ndi mipando yodyera, kwinaku tepi ikutulutsa mawu a anthu a m'deralo. Ntchitoyo adaitcha The Last Supper, ndiye kuti mgonero womaliza. Anthu ozolowera kukaona zithunzi zokongola pakhoma adapeza fumbi ndi njerwa zosweka pansi poyera. M'chaka cha 1993 adabwereranso pabwinjapo kukatola tizidutswa totsalira m'dothi, natitsekera m'timiyala ta utomoni woonekera mkati ngati galasi. Kanthu kamene katapila adakaponda ngati chinyalala kadaoneka tsopano ngati mkanda wamtengo wapatali.

Komabe chikumbukiro cha mudzi sichikwana m'mutu mwa munthu mmodzi. Wina amakumbuka sitolo ya pangodya, wina amakumbuka amene ankakhala kuseri kwake, winanso amatsutsa onse awiri. N'chifukwa chake zionetsero za magulu ndizo zidagwira ntchito imeneyi mokwanira. Chachikulu mwa izo chidatsekulidwa mu December 1994, chaka chimene ulamuliro wa tsankho udatha, m'tchalitchi chakale cha Methodist pa msewu wa Buitenkant Street. Chidatchedwa Streets, ndiye kuti misewu, ndipo ndicho chidakhala chiyambi cha nyumba yosungiramo mbiri ya District Six Museum. Okonza ake, amene pakati pawo padali wojambula Peggy Delport, ankaganiza kuti chikhala masabata ochepa okha. Anthu atachiona sadalole kuti chitsekedwe.

Zimene zidali m'tchalitchimo n'zofunika kuzilongosola bwino. Kudenga kudalendewera zikwangwani zenizeni za misewu ya District Six, zosanjikizana ngati makwerero. Zikwangwanizi zidapulumuka chifukwa kapitawo wina wa ntchito yogumula, amene adauzidwa kuti akazitaye, adazisunga kwawo zaka zambiri. Pansi padayalidwa mapu aakulu a dera lonselo, ojambulidwa ndi manja, oti munthu n'kuyendapo. M'mphepete mwa mapuwo mudali ndakatulo pamodzi ndi zithunzi zogoba ndi kudinda za Lionel Davis, mmisiri wobadwira mu District Six m'chaka cha 1936, amene adakhala m'ndende ya pa Robben Island kuyambira 1964 mpaka 1971 natuluka kwawo kukugumulidwa. Padalinso nsalu yaitali ya bafuta yoti alendo azilembapo.

Mapuwo ndiwo adasintha zonse. Nkhalamba zochokera ku Cape Flats zinkalowa, n'kuyamba kuyenda pamapupo pang'onopang'ono, maso ali pansi, kufunafuna msewu wawo. Zikaupeza zinkagwada ndi kulemba dzina la banja lawo pamalo pamene padali nyumba. Ena ankalemba sitolo, malo okwerera basi kapena kakwalala kamene ojambula mapu adakaiwala. Anthu amene adasiyana zaka makumi awiri ankakumana atagwada pa msewu umodzi. Mawu olembedwa pansalu ya bafuta adadzasokedwa ndi ulusi kuti asafufutike. Motero funso lakuti mwini luso limeneli ndani lidasowa yankho lapafupi. Amisiri ophunzira adayala maziko, koma amene adamaliza ntchitoyo ndi anthu wamba okhala ndi cholembera m'manja.

Pa 24 September 1997, tsiku limene dziko la South Africa limakumbukira chikhalidwe ndi mbiri yake, luso lidatuluka m'tchalitchimo kupita pabwinja penipeni. Kevin Brand ndi Renate Meyer adasonkhanitsa amisiri ambiri kuti aimike ntchito zawo pamtetete pamene padali nyumba. Zambiri mwa ntchitozo sizidakhalitse. Mphepo yamkuntho ya ku Cape Town ndi mvula zidaononga zina, zinanso anthu adaziswa kapena kuzitenga. Ena adadandaula nazo zimenezi, koma pamalo pamene nyumba za anthu 60,000 zidalephera kuima, n'zokayikitsa ngati chosema chokhalitsa mpaka muyaya chikadanena zoona kuposa chimene chidatha m'masabata ochepa.

Tsono pali vuto lina limene amisiri onsewa adakumana nalo, ndilo kupukwa. Munthu wopukwa kwawo amakumbuka kukoma kwa ndiwo, osati utsi wa m'khitchini. Atafika ku Cape Flats, kumene mnansi adali mlendo ndipo ulendo wa kuntchito unkadya ndalama ndi nthawi, anthu adayamba kusimba za District Six ngati mudzi wopanda chilema, wa nyimbo, maguba a Chaka Chatsopano ndi kugawana chakudya. Zimenezi zidalipodi. Koma kudalinso kuthithikana m'zipinda, nyumba zimene eni ake ankangotolera lendi osazikonza, ndi magulu a zigawenga monga la Globe. Alex La Guma adalemba za mdima umenewu m'buku lake la 1962 lotchedwa A Walk in the Night. Kuunena mdimawu kudali kovuta, pakuti boma la tsankho lidagwiritsa ntchito umphawi womwewo ngati chifukwa chogumulira. Munthu wovomereza kuti denga linkadontha ankaoneka ngati akuvomereza katapila.

Kupukwa kumaiwalitsanso anthu ena. Nkhani ya District Six imasimbidwa kawirikawiri ngati ya makaladi okha, chonsecho oyamba kuchotsedwamo adali anthu akuda. M'chaka cha 1901, mliri wofalitsidwa ndi makoswe utabuka padoko, akuluakulu a mzinda adaloza chala anthu akuda nawasamutsira kumalo amene adadzatchedwa Ndabeni. Apa n'kuti chipani chimene chidakhazikitsa lamulo la Group Areas Act chisadabadwe n'komwe.

Chionetsero chachiwiri chachikulu cha m'nyumba ya mbiri ija, chimene chidatsekulidwa m'chaka cha 2000 ndi dzina lakuti Digging Deeper, kutanthauza kukumba mozama, chidayesa kuyankha zimenezi. Mudamangidwa kachipinda kotchedwa Nomvuyo's Room, kotengera zimene Nomvuyo Ngcelwane adalemba m'buku lake la Sala Kahle District Six, losimba za moyo wa banja la anthu akuda m'deralo. M'kachipinda kamodziko ndimo mudali pogona, pophikira ndi pochezera, ndipo woona amasangalala ndi ukhondo wake kwinaku akudzifunsa kuti banja lonse linkakwanamo bwanji. Roderick Sauls, amene adakulira mu District Six, adakonza chipinda china momwe ziwiya ndi tizinthu ta m'nyumba tidamatidwa m'pulasitala wa khoma, tina tooneka theka, tina tongotsala pang'ono kumira. Chipinda cha Sauls chimaonetsa bwino m'mene chikumbukiro chimakhalira kusiyana ndi chithunzi chooneka bwino mbali zonse, pakuti palibe munthu amakumbuka ubwana wake wathunthu.

Wina angaganize kuti zonsezi zidali zongotonthoza mitima ya okalamba. Sizidali choncho, pakuti pankhaniyi padali malo, ndipo malo a pakati pa Cape Town ndi a ndalama zambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 anthu a gulu la Hands Off District Six adakaniza makampani kumanga pabwinjapo, ngakhale kuti boma lidali litamangapo kale sukulu ya ukachenjede ya Cape Technikon pa chigawo china. Lamulo lobwezera malo la 1994 litakhazikitsidwa, olandidwa adayenera kuonetsa kuti adakhaladi pamalopo. Ambiri adali alendi chabe, opanda chikalata cha umwini. Kwa anthu otere dzina la msewu, chithunzi chakale ndi mnansi wokumbukira zidali zinthu zolemera. Tchalitchi cha pa Buitenkant Street chidasanduka pokumanira odandaula, ndipo m'chaka cha 1997 bwalo loweruza milandu ya malo lidakhala m'nyumba yomweyo ya zikwangwani ndi mapu.

Kubwerera kudachedwa zedi. Pa 11 February 2004, patatha zaka 38 chilengezere lamulo lija, Nelson Mandela adapereka makiyi a nyumba zatsopano kwa obwerera oyamba, Ebrahim Murat ndi Dan Ndzabela, onse awiri a zaka zoposa 80. Nyumba zomangidwa pambuyo pake zidali zochepa poyerekeza ndi odandaula, ndipo ambiri mwa amene adagwada pamapu mu 1994 adamwalira akudikira. Dzina la District Six lidabwezeretsedwa mwalamulo m'chaka cha 2019. Pa kachigawo kotsala ka Hanover Street wakale, anthu osamutsidwa adaunjika mulu wa miyala, ndipo pa mwambo wa pa 11 February akhala akubwera ndi miyala ina yotola kumadera kumene adatayidwa, n'kuiponya pamulupo.