Njovu Zakutali ndi Moto wa Pakhomo: Mutare ndi Nkhondo ya Njira ya ku Beira, 1965–1992

Olemba mbiri ya kumwera kwa Africa akafika pa nkhondo za m'ma 1970 ndi 1980 amakonda kutsamira pa mwambi uja wakuti njovu ziwiri zikamamenyana umavutika ndi udzu. Njovuzo amati ndi America ndi Soviet Union, ndipo udzuwo ndi anthu wamba a m'mayiko osauka. Mwambiwu uli ndi choonadi chake, koma ukagwiritsidwa ntchito mosasamala umabisa anthu amene anayatsa moto ndi manja awo. Nkhani ino ikuunika nkhondo ya pakati pa Rhodesia ndi Mozambique, pamodzi ndi nkhondo ya Renamo imene inabadwira m'menemo, poyang'anira pa mzinda wa Mutare. Mfundo yake ndi yakuti mayiko aakulu anapereka mfuti, ndalama ndi mayina otchulira adani, koma chimene chinkalimbiranidwa makamaka chinali njira ya kunyanja, ndipo amene ankaitseka, kuiphwasula kapena kuilondera anali mayiko oyandikana.

Mzinda wa pa njira

Munthu wokhala ku Chikanga, dera la nyumba zothithikana limene linakula kwambiri Zimbabwe italandira ufulu, amakhala pakati pa zizindikiro za mbiriyi. Likulu la asilikali a 3 Brigade lili komweko. Chakumadzulo kuli Feruka, pofikira paipi ya mafuta yochokera ku Beira. Chakummawa, kungodutsa pakati pa mzinda, kuli chipata cha Forbes, ndipo kutsidya kwake ndi Machipanda. Kuchokera pamenepo kukafika kunyanja ndi makilomita osakwana 300.

Malire amenewa anadulidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano la 1891, ndipo anagawa Amanyika pawiri. Mu 1896 mzinda wa Umtali, monga momwe unkatchulidwira kufikira 1982, unasamutsidwa kuti ukumane ndi njanji yochokera ku Beira, imene inafika mu 1898. Njanjiyo, migodi ya ku Penhalonga ndi minda ya Azungu zinakoka antchito ochokera ku Nyasaland ndi ku Tete, n'chifukwa chake Chichewa chimamvekabe ku Sakubva ndi madera ena a mzindawu. Choncho Mutare ndi mwana wa njira, ndipo aliyense wofuna kufinya boma la ku Salisbury, kapena la ku Harare pambuyo pake, ankadziwa pogwira.

Oyamba kuyesa zimenezi anali Angerezi. Ian Smith atalengeza ufulu wa Azungu okhaokha pa 11 Novembala 1965, Britain inatumiza sitima zankhondo kukalondera gombe la Beira kuyambira 1966 mpaka 1975. Paipi inauma, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya ku Feruka inatsekedwa itangogwira ntchito pafupifupi chaka chimodzi. Komabe mafuta ankalowa kudzera ku Lourenço Marques ndi ku South Africa, ndipo lipoti la Bingham la 1978 linaulula kuti nthambi za makampani a Shell ndi BP zinali ndi dzanja pamenepo. Nayo America, kudzera m'lamulo la Byrd la 1971, inalola kugula miyala ya chrome ya ku Rhodesia mpaka 1977, ponena kuti sinafune kudalira Soviet Union pa mwala umenewu. Apa mayiko a Azungu ankatseka khomo ndi dzanja limodzi, kwinaku akutsekula zenera ndi linzake.

Mfuti zochokera kutali

Omenyera ufulu nawo anali ndi abwenzi awo, koma abwenziwo anali pa udani. ZAPU ya Joshua Nkomo inkathandizidwa ndi Soviet Union, pamene ZANU inkadalira China, kumene Josiah Tongogara ndi ena anakaphunzira usilikali. Mkangano wa Moscow ndi Beijing unalowa motero m'ndale za ku Zimbabwe. Chodabwitsa n'chakuti Frelimo, imene poyamba inali pa ubale ndi ZAPU ndipo inkalandira zida zambiri ku Soviet Union, inatsekulira njira ZANU. Chifukwa chake chinali cha m'bwalo la nkhondo: asilikali a ZANLA ndiwo anali okonzeka kudutsa m'tchire la Tete, ndipo mu Disembala 1972 anatulukira kumpoto chakummawa kwa Rhodesia.

Ulamuliro wa Apwitikizi utagwa mu Epulo 1974, Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pa 3 Malichi 1976 Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia potsatira zilango za bungwe la United Nations. Chigamulochi chinali cha ku Maputo, ndipo mtengo wake, umene unawerengedwa kuti unaposa madola 500 miliyoni a ku America m'zaka zinayi, unagwera Mozambique yomweyo. Doko la Beira linasowa katundu, ndipo Umtali unasanduka mzinda wa kumapeto kwa msewu.

Yankho la Rhodesia linali kuwoloka malire. Pa 9 Ogasiti 1976 gulu la Selous Scouts, litavala ngati asilikali a Frelimo, linalowa mu Mozambique chakumpoto kwa Umtali n'kukapha anthu oposa 1,000 pa msasa wa Nyadzonia. Boma la Smith linati unali msasa wa zigawenga. Nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo inati unali wa anthu othawa nkhondo. Patangopita masiku ochepa mabomba ochokera kutsidya anagwera m'madera a Azungu a mu Umtali. Mu Novembala 1977 ndege ndi asilikali a Rhodesia anachitanso chimodzimodzi ku Chimoio, makilomita pafupifupi 90 kuchokera pamalire, ndipo ophedwa anali ochuluka kuposa a ku Nyadzonia malinga ndi mawerengedwe ambiri.

Apa m'pamene Nkhondo ya Mawu ya pakati pa America ndi Soviet Union inaonekera poyera. Asilikali a Cuba atafika ku Angola mu 1975, Henry Kissinger anaopa kuti zofananazo zichitika ku Rhodesia. Mu Seputembala 1976 iye ndi John Vorster anakakamiza Smith ku Pretoria kuvomera ulamuliro wa anthu ambiri m'zaka ziwiri. Mu Febuluwale 1977 Frelimo inadzitcha chipani cha chiphunzitso cha Marx ndi Lenin, ndipo mwezi wotsatira inasaina pangano la ubwenzi ndi Soviet Union. Koma panganolo silinaletse ndege za Rhodesia kugwetsa milatho ya ku Gaza ndi ku Tete.

Chimene chinabadwira ku Odzi

Makilomita pafupifupi 30 kumadzulo kwa Mutare kuli Odzi. Pa famu yakale ya fodya ya kumeneko, bungwe la ukazitape la Rhodesia, motsogoleredwa ndi Ken Flower, linaphunzitsa gulu la anthu a ku Mozambique odana ndi Frelimo. Mtsogoleri wawo anali André Matsangaissa, msilikali wakale wa Frelimo amene anathawa pa msasa wa chilango. Ntchito yawo inali kuzonda ZANLA ndi kuwononga chuma cha Mozambique. Flower mwini wake anavomera zimenezi m'buku lake la 1987. Gulu limeneli ndilo linadzatchuka ndi dzina lakuti Renamo.

Mayina amene gululi linapatsidwa amaonetsa mmene aliyense ankaionera nkhondoyi. Boma la Maputo linkalitchula m'Chipwitikizi kuti bandidos armados, kutanthauza achifwamba okhala ndi zida, pofuna kulilanda nkhope ya ndale. Olikonda a ku Washington ankati ndi omenyera ufulu olimbana ndi chikomyunizimu. Anthu a m'midzi ya ku Manica, ku Manicaland ndi m'malire a Malawi ankangoti matsanga, kufupikitsa dzina la Matsangaissa, amene anaphedwa ku Gorongosa mu Okutobala 1979. Dzina la anthu wambali silinkanena za Marx kapena za msika. Linkaloza munthu ndi anyamata ake, ndiponso zimene ankachita akalowa m'mudzi.

Rhodesia itatha mu 1980, Renamo sinathe nayo. Asilikali a South Africa anainyamula pa ndege, n'kuipatsa malo pafupi ndi Phalaborwa, zida ndi mawailesi, ili pansi pa Afonso Dhlakama. Sikoyeneranso kuiwala kuti moto umapita kumene kwatsala tchire. Midzi ya mokakamiza, kunyozedwa kwa mafumu ndi asing'anga, komanso misasa ya chilango zinapatsa Renamo anthu okwiya oti iwakoke, kuwonjezera pa ambiri amene inkawagwira mwankhanza.

Njira itembenuka

Mu Epulo 1980 mayiko asanu ndi anayi, kuphatikizapo Malawi, anakhazikitsa bungwe la SADCC ku Lusaka, n'cholinga chochepetsa kudalira njanji ndi madoko a South Africa. Kwa Pretoria, njira ya ku Beira ikanayenda bwino, chingwe chomangira Zimbabwe chikanaduka. Mu Okutobala 1981 milatho ya pa mtsinje wa Pungwe inaphulitsidwa. Mu Disembala 1982 nkhokwe za mafuta za ku Beira zinatenthedwa, ndipo Zimbabwe inachita Khirisimasi galimoto zili pa mizere ya petulo. Chaka chomwecho boma la Robert Mugabe linatumiza asilikali kukalondera paipi, njanji ndi msewu, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 chiwerengero chawo mu Mozambique chinali chitafika pa 10,000 kapena kuposa. Msewu umene asilikali a Smith ankalowera kukaononga Mozambique unali tsopano wa asilikali a Zimbabwe opita kukamenyana ndi gulu lolereredwa ku Odzi.

M'zaka zimenezi mizere ya Nkhondo ya Mawu inasokonekera kotheratu. Mu 1981 Mozambique inapempha kulowa m'bungwe la zachuma la mayiko achikomyunizimu la Comecon, koma inakanidwa. Posowa pogwira, Machel anasaina pangano la Nkomati ndi P. W. Botha pa 16 Malichi 1984, dziko lake linalowa mu IMF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse chaka chomwecho, ndipo mu Seputembala 1985 analandiridwa ndi Ronald Reagan ku White House. Aphungu monga Jesse Helms anayesetsa kuti America ithandize Renamo monga inkathandizira Unita ku Angola, koma boma silinavomere. Lipoti la Robert Gersony la 1988, lolembedwera unduna woona za kunja wa America, linati Renamo iyenera kuti inapha anthu wamba osachepera 100,000, ndipo linatseka pakamwa ambiri mwa oiyamikira.

Mapiri a Nyanga, kumpoto kwa Mutare, ndi mboni ya chisokonezochi. Mu 1981 alangizi a ku North Korea anaphunzitsa kumeneko gulu la Fifth Brigade, limene linakapha anthu zikwizikwi ku Matabeleland. Kuyambira 1986 alangizi a boma la Margaret Thatcher ankaphunzitsa kumeneko asilikali a Frelimo, chipani chimene chinkadzitchabe cha Marx. Mdani weniweni wa njira ya ku Beira anaonekera mu Ogasiti 1985, pamene asilikali a Zimbabwe ndi a Mozambique analanda likulu la Renamo la Casa Banana ku Gorongosa: makalata opezeka kumeneko anasonyeza kuti South Africa inkaperekabe zida pambuyo pa Nkomati.

Gawo la Malawi ndi udzu umene unapsa

Malawi sinali kunja kwa zimenezi. Njanji zake za ku Beira ndi ku Nacala zinadulidwa, ndipo katundu wake ankadzera ku Zobwe, Tete ndi Nyamapanda, m'mizere ya malole yoperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Imeneyi inalinso njira ya Amalawi a ku Harare ndi ku Mutare opita kukaona kumudzi. Pa 11 Seputembala 1986 Machel, Mugabe ndi Kenneth Kaunda anakumana ndi Dr Kamuzu Banda ku Blantyre, akumuimba mlandu wolola Renamo kudzera m'dziko lake, zimene boma la Malawi linkakana. Atabwerera kwawo, Machel anaopseza kutseka malire ndi kuikapo mizinga. Iye anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala chaka chomwecho. Kuyambira 1987 asilikali a Malawi ankalondera njanji ya Nacala, ndipo pofika 1992 dzikoli linali likusunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, makamaka m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza.

Ku Manicaland othawa anasonkhanitsidwa m'misasa ngati ya Tongogara ndi Nyangombe, pamene ena anangolowa m'nyumba za abale ndi m'minda ya tiyi. Kuyambira 1987 Renamo inayamba kuwoloka malire kudzapha ndi kudzaba anthu ku Chipinge, ku Honde ndi ku Rushinga, pobwezera Zimbabwe. Mabanja amene anavutika ndi asilikali a Smith anavutikanso ndi matsanga pasanathe zaka khumi.

Mawu otsiriza

Nkhondoyi inazirala pamene oidyetsa anatopa. Mikhail Gorbachev anachepetsa thandizo, Frelimo inasiya chiphunzitso cha Marx ndi Lenin mu Julayi 1989, ndipo F. W. de Klerk anayamba kumasula tsankho mu 1990. Chilala cha 1992 chinamaliza mphamvu za mbali zonse. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Rome, mothandizidwa ndi gulu la Chikatolika la Sant'Egidio, Mugabe ali pomwepo. Mu Epulo 1993 asilikali a Zimbabwe anabwerera kwawo, ndipo njira ya ku Beira inasiyidwa m'manja mwa asilikali a ku Italy a United Nations. Anthu pafupifupi 1 miliyoni akuganiziridwa kuti anafa ndi nkhondo ndi njala yake.

Wophunzira mbiriyi ayenera kusiyanitsa wogulitsa nkhuni ndi woyatsa moto. Moscow, Beijing, Washington ndi London zinakulitsa nkhondoyi ndi kuitalikitsa, koma zinali zokonzeka kusintha abwenzi phindu likasintha. Zigamulo zimene zinafika pakhomo pa anthu a ku Mutare zinapangidwa ku Salisbury, Pretoria, Maputo ndi Harare, ndipo chilichonse chinkakhudza njanji, msewu ndi paipi. Zotsala za zigamulozo zinakhalitsa kuposa maufumu amene anaziyikira kumbuyo. Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yachotsa mabomba onse okwirira odziwika, pamene m'mapiri a m'malire, kumpoto ndi kumwera kwa Mutare, ntchito yofukula mabomba amene asilikali a Rhodesia anakwirira m'ma 1970 inali ikupitirirabe patatha zaka 40 Zimbabwe ilandirire ufulu.