Kodi Mzinda wa Rameses Unali Pati?

Inu amene muli kuno ku Bulawayo mukudziwa kuti mzinda umatha kusamuka. Mfumu Lobengula inamanga likulu lake m'chaka cha 1870, koma mu 1881 inalitentha n'kukamanga lina chakumpoto, ndipo dzina la Bulawayo linapita nayo. Ku Igupto kunachitikanso zotere, kungoti kumeneko inasamuka ndi miyala.

Pa Eksodo 1:11 timawerenga kuti Aisrayeli, ali mu ukapolo, anamangira Farao mizinda ya Pitomu ndi Rameses. Ndipo pa 12:37 tikuona kuti ulendo wa chipulumutso unayambira pa Rameses. Tsono funso lakuti mzindawu unali pati si lachabe.

Kuyambira mu 1929, Mfalansa Pierre Montet anakumba pa Tanis, umene ndi Zoani wa mu Salimo 78. Anapeza zipilala ndi mafano aakulu olembedwa dzina la Ramesses II, amene analamulira kuyambira 1279 kufikira 1213 Khristu asanabadwe. Ndani akanakayika? Mabuku ambiri anavomereza kuti Rameses wapezeka. Koma nthaka inakana: pansi pa miyalayo panalibe nyumba kapena mapale a nthawi ya mfumuyo.

Chikhalirecho, mu 1928, Mwigupto Mahmoud Hamza anali atapeza zotsalira za nyumba yachifumu pa mudzi wa Qantir, makilomita opitirira 20 kummwera. Ochepa anamumvera. Amene anamasula mfundoyi ndi Manfred Bietak wa ku Austria, yemwe anayamba kukumba m'deralo mu 1966. Iye anaonetsa kuti nthambi ya mtsinje wa Nile imene inkadutsa pa Qantir inakwiririka ndi matope. Doko litafa, mafumu a pambuyo pake anagumula mzindawo, nakoka miyala yake kukamangira Tanis. Montet anawerenga dzina loona pa malo olakwika.

Pa Qantir, Edgar Pusch anafukulanso makola a akavalo oposa 400. Sindikunena kuti awa ndiwo anathamangitsa Mose. Mlaliki asakakamize fosholo kunena zimene sinanene. Koma unalidi mzinda wa magaleta ankhondo.

Lero pamenepo ndi minda ya alimi. M'munda wina mwatsala mapazi a mwala a fano la Ramesses, thupi lake palibe.