Wogulitsa Akhale Wakupha? Mbiri ya Lamulo ndi Imfa za Chiphe

Munthu akafa atamwa kachasu wosakaniza kapena mankhwala ozunguza bongo, kaya ku Chikamveka mu mzinda wa Zomba kaya kwina kulikonse, anamalira amafuna kuti wogulitsa aimbidwe mlandu wakupha. Mbiri ya lamulo ndi ya zaumoyo ikuonetsa kuti mlanduwo umadalira zinthu ziwiri: chimene chidapha munthu, ndi chimene wogulitsa ankadziwa.

Lamulo lalikulu la milandu m'Malawi, Penal Code, lidakhazikitsidwa mu 1929 pamene likulu la Nyasaland lidali ku Zomba. Gawo 208 limakamba za kupha munthu mosafuna, ndipo gawo 209 limakamba za kupha mwadala. Gawo 212 limafotokoza kuti dala si kufuna imfa kokha. Wochita chinthu akudziwa kuti chingathe kupha kapena kuvulaza kwambiri naye wachita dala. Mpaka 2007 wopezeka wolakwa pa kupha mwadala ankalamulidwa kunyongedwa basi. Chaka chimenecho, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti lidagamula kuti woweruza aziyamba waona mmene zinthu zidakhalira asanapereke chilango.

Maiko ena adalimbana ndi funsoli kale. Ku America, wosewera basketball Len Bias atafa ndi kokeni mu 1986, nyumba ya malamulo idaika chilango cha zaka zosachepera 20 kwa wogulitsa ngati mankhwala ake aphetsa munthu. Koma mu 2014, pa mlandu wa Burrage, khoti lalikulu la dzikolo lidati boma liyenera kutsimikiza kuti popanda mankhwala a wogulitsayo munthuyo sakadafa. Ku Britain, pa mlandu wa Kennedy mu 2007, oweruza adati wopatsa mnzake heroin sadamuphe ngati mnzakeyo ndi wamkulu, wodziwa chimene akuchita, ndipo adadzibaya yekha mwakufuna kwake.

Phunziro la pafupi lidachokera ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mu Januwale 2015 anthu 75 adafa atamwa mowa wamasese wotchedwa pombe pamaliro. Mphekesera idafala yoti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Patapita miyezi, kuyeza kwa m'labotale kudapeza chiphe chotchedwa bongkrekic acid, chopangidwa ndi tizilombo ta Burkholderia gladioli mu ufa wa chimanga woonongeka. Mayi wofulula mowawo adali mmodzi mwa omwalira. Mlandu ukadazengedwa potengera mphekesera, munthu akadamangidwa chifukwa cha tizilombo.

M'Malawi, boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wopangidwa mobisa sudathe. Mu Epulo 2024 anthu angapo adafa ku Blantyre atamwa mowa wotchedwa Ambuye Ntengeni, ndipo funso la mlandu wa wogulitsa lidabukanso.

Ofuna chilango chokhwima ali ndi mfundo yomveka. Wothira methanol mu mowa kuti apeze phindu, akudziwa kuti imapha ndi kuchititsa khungu, sasiyana ndi wothira chiphe m'chitsime. Kwa wotereyu lamulo latsopano silifunika, chifukwa gawo 212 likumukhudza kale. Vuto limabwera pamene mlandu wakupha ugwera aliyense amene botolo kapena mbulu wa mankhwala udadutsa m'manja mwake. Amene amagwidwa msanga ndi wogulitsa wapakhonde kapena mnzake wa malemu amene ankamwera naye limodzi, pamene mwini migolo ali kutali.

Pali ngozi inanso ya zaumoyo. Zizindikiro za methanol zimachedwa kuoneka, kawirikawiri maola 12 mpaka 24, ndipo wodwala akafika msanga kuchipatala angathe kupulumuka. Anthu oopa mlandu wakupha amachedwa kunyamula wodwala, amabisa chimene wamwa, ndipo amataya mowa wotsala umene ukadayezedwa kuti ena achenjezedwe.

Choncho mlandu wakupha mwadala uyenera kusungidwira wogulitsa amene umboni waonetsa kuti ankadziwa za chiphecho. Umboni wotere sungapezeke popanda kupima mtembo, kusunga magazi ndi mowa wotsala, ndiponso labotale yotha kuyeza chiphe. Apa ndi pamene ntchito ya azaumoyo imathandiza khoti kusiyanitsa wakupha ndi wosadziwa.