Matenda Osaoneka pa Chithunzi, ndi Zotupa Zosapweteka

Ntchito ya madokotala a ubongo ndi mitsempha inakhazikika pa chipatala cha Salpêtrière mu mzinda wa Paris, komwe Jean-Martin Charcot anayamba kugwira ntchito mu 1862. Chipatalachi chinkasunga amayi zikwizikwi okalamba, osauka ndi odwala matenda a mgonagona. Charcot ankalemba mosamala mmene wodwala akuyendera, mmene akuyankhulira ndi mmene dzanja likunjenjemerera. Wodwalayo akamwalira, Charcot ankapima ubongo ndi msana wake kuti aone pomwe panawonongeka. Ndi njira imeneyi anafotokoza matenda a multiple sclerosis mu 1868.

Koma panali odwala ena omwe njirayi inkawalephera. Ankafa ziwalo, kuchita dzanzi mbali imodzi ya thupi, kapena kugwa ngati akhunyu, koma ubongo wawo ukapimidwa unkapezeka wopanda banga. Nthawi imeneyo matendawa ankatchedwa hysteria, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chiberekero. Charcot anaonetsa kuti amuna nawonso amadwala, ndipo ankati vuto lili m'kagwiridwe ntchito ka ubongo ngakhale maso sakuliona. Iye atamwalira mu 1893, maganizo a Sigmund Freud, yemwe anaphunzirako kwa iye, ndiwo anatchuka, ndipo odwalawa anakankhidwira kwa madokotala a maganizo. Ambiri ankabwerera kwawo atauzidwa kuti alibe matenda, mwendo ukukanikabe kuyenda.

Chida chothandiza chinalipo kale, chongofuna dzanja la dokotala. Mu 1908 Charles Hoover wa ku America anafotokoza izi: wodwala wagona chagada, dokotala waika chikhato pansi pa chidendene cha mwendo wofookawo. Wodwala akauzidwa kuti akanikize chikhatocho, mwendo sumvera. Akauzidwa kukweza mwendo wabwinowo, chidendene chofooka chija chimakanikiza chikhato mwamphamvu, mwiniwake osadziwa. Mitsempha ndi yolumikizana bwinobwino, chasokonekera ndi ulamuliro wa ubongo pa mwendowo. Lero matendawa amatchedwa functional neurological disorder, ndipo amazindikiridwa ndi zizindikiro zotere, osati chifukwa choti sikani sinaonetse kanthu.

Makina ojambula m'thupi anabweretsa vuto lina. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray mu 1895, koma inkaonetsa bwino mafupa okha. Pa 1 October 1971, pa chipatala cha Atkinson Morley ku London, makina a CT omwe Godfrey Hounsfield anapanga ku kampani ya EMI anajambula mutu wa mayi wina n'kuonetsa chotupa mu ubongo. Hounsfield analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, yemwe anali atakonza masamu ake payekha. Pofika nthawiyo makinawo anali akujambulanso m'mimba.

Apa madokotala anayamba kuona zomwe sankafuna. Munthu wajambulidwa chifukwa cha ngozi ya galimoto, koma pachithunzi patuluka kathumba ka madzi pa impso, kabanga pachiwindi, kapena kachotupa pa adrenal, kachiwalo kopanga mahomoni kokhala pamwamba pa impso. Kale zoterezi zinkapezedwa makamaka ndi opima mitembo, eniake atakalamba nazo osadziwa. Mu 1982 Glenn Geelhoed ndi Edward Druy anagwiritsa ntchito dzina lakuti incidentaloma, kutanthauza chotupa chopezeka mwangozi. Zotupa za pa adrenal zimaoneka mwa akuluakulu pafupifupi 4 kapena 5 pa 100 aliwonse ojambulidwa m'mimba, ndipo zambiri si khansa. Komabe chinthu chikaoneka sichiiwalika, ndiye ena anachitidwa opaleshoni yosafunikira.

Malamulo osiyanitsa anabwera pang'onopang'ono. Mu 1986 Morton Bosniak wa ku New York anagawa timatumba ta pa impso m'magulu, kuyambira tongosiyidwa mpaka tofunika kuchotsa. Pa zotupa za pa adrenal madokotala amayang'ana kukula kwake, makamaka zikapitirira masentimita 4, ndi kulimba kwake pa muyeso wa Hounsfield, pomwe madzi ndi 0 ndipo mpweya ndi -1000. Chotupa chosapitirira 10 pa muyesowu chimakhala chamafuta ambiri, ndipo kawirikawiri n'chosaopsa.

Mbiri ziwirizi zimakumana mwa wodwala yemwe ali ndi dzanzi kapena chizungulire chosadziwika chiyambi, kenako sikani ya m'mimba n'kuonetsa kachotupa. Mtima umathamangira kunena kuti gwero lapezeka, pomwe nthawi zambiri ziwirizi sizikhudzana. Nthawi zina zimakhudzana ndithu. Chotupa cha pa adrenal chotchedwa phaeochromocytoma chimatulutsa mahomoni a adrenaline ndi noradrenaline mopitirira muyeso, ndipo munthu amamva mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi, thukuta, mtima kugunda kwambiri ndi BP kukwera. Chithunzi chokha sichingatsimikize zimenezi, choncho dokotala amayeza mahomoniwo m'magazi kapena mumkodzo asanaganize za opaleshoni.