Thangata: Mtengo wa Malo a Nyumba m'Chigwa cha Phalombe

Pakati pa phiri la Mulanje ndi Nyanja ya Chilwa pali chigwa chachikulu cha Phalombe. Ndimo munadzera Alomwe ambiri kuyambira cha m'ma 1890, pothawa njala ndi chibalo cha Apwitikizi. Iwo anadza ndi makasu ndi mitolo pamutu, nafuna chinthu chimodzi chokha: malo omangapo nyumba ndi kulimapo.

Koma malo ambiri abwino a kumadzulo kwa chigwacho anali kale m'manja mwa Azungu. Kuyambira m'chaka cha 1892 Kazembe Harry Johnston anapatsa Azunguwo zikalata za umwini, nalembamo kuti midzi imene inalipo kale isasunthidwe ndiponso isalipire lendi. Mawu ameneŵa anatchinjiriza eni dziko okha. Mlomwe wobwera analibe dzina m'chikalatamo.

Tsono mwini esiteti anati kwa iye: manga nyumba yako, koma ulipire ndi manja ako. Ichi ndicho chinatchedwa thangata. Kale liwuli linali lokoma, lonena kuthandizana kumunda wa mfumu kapena wa mnansi. Tsopano linasanduka dzina la lendi. Munthu anagwira ntchito mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho wa nyumba, koma popeza masiku anawerengedwa ndi akapitawo, miyezi iwiriyo inatambasuka kufikira kudya nyengo yonse ya dzinja, munda wake uli thengo. Wokana anamgwetsera nyumba.

Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, imene inafika kumalire a chigwachi, goli linalemera koposa. Sikunali kwangozi kuti mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anapita kumeneko napha woyang'anira, William Jervis Livingstone.

Boma linayesa kuchiza nthendayi ndi malamulo. Lamulo la 1917 linati lendi ilipidwe ndi ndalama, koma eni malo anaopseza kupirikitsa aliyense wosagwira ntchito, ndipo lamulo linafera papepala. La 1928 linalola munthu kulipira ndi ndalama, ndi mbewu kapena ndi ntchito, ndipo lendi inali ngati paundi imodzi pachaka. Komabe linapatsanso eni malo mphamvu yochotsa banja limodzi mwa khumi pa zaka zisanu zilizonse. Motero Boma linaika mtengo wa lendi, koma silinachotse mantha. Munthu amene alibe kwina kopita sakangana pa mtengo.

Choonadi chimenechi chinavomerezedwa mu 1946, pamene Sir Sidney Abrahams anafufuza za malo nalangiza Boma kugula malo amene Azungu sanali kulima. Boma linayambadi kugula, ndi ku Magomero komwe. Zipolowe za ku Thyolo mu 1953 zinafulumizitsa ntchitoyo, ndipo mu 1962, nduna zachikuda zitalowa m'Boma, lamulo latsopano linathetsa thangata.

Akulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alomwe sanakamuke ayi. Zidzukulu zawo ndizo zadzaza Phalombe, limene linakhala boma palokha mu 1998. Mbiri yawo ionetsa kuti malamulo a lendi sanapumitse wosauka kufikira tsiku limene anapeza nthaka yoimikapo nsanamira popanda womuwerengera masiku.