Timiyala ta mkuwa tomwe ena amazula usiku

Pa 9 Novembala, m'mizinda ya ku Germany mumaoneka anthu atagwada m'mbali mwa misewu, kansanza kali m'manja, akupukuta timiyala ta mkuwa. Amakumbukira usiku wa mu 1938 pomwe a Nazi anatentha masunagoge, kuphwanya masitolo a Ayuda ndi kutsekera amuna pafupifupi 30,000. Kunja kuno timamva kuti dzikolo linathana nacho chidani cha pa Ayuda. Zimene timiyalati takumana nazo zikunena zina.

Nkhondo inatha mu 1945, Ayuda 6 miliyoni ataphedwa. Panapita zaka anthu ambiri osafuna kufunsa kuti nyumba ya neba wachiyuda uja inagwa m'manja mwa yani.

Mmisiri wa zosemasema, Gunter Demnig, anakwirira mwala woyamba ku Cologne mu 1992. Mu 1996 anaika ina ku Berlin asanapatsidwe n'chilolezo chomwe. Timiyalati amatitcha Stolpersteine. Kalikonse ndi ka masentimita 10 mbali zonse, ndipo kamaikidwa pakhomo pomwe munthu ankakhala asanatengedwe ndi a Nazi. Pamwamba amadindapo dzina, chaka chobadwa, nthawi yomwe anamutenga, ndi komwe anakaphedwera, kaya ndi ku Auschwitz kaya ku Riga. Kuti uwerenge, uyenera kuwerama. Si onse anakondwa nazo: ku Munich anakaniza mu 2004, ena mwa Ayuda omwe atadandaula kuti mayina a akufa azipondedwa ndi nsapato. Komabe pofika 2023 timiyalati tinakwana 100,000 m'maiko ambiri a ku Ulaya.

Apa m'pamene ambiri anagona tulo, kuyesa kuti ntchito yatha poti mayina alembedwa.

Mu Okutobala 2024, patangotha chaka chichitikireni chiwembu cha pa 7 Okutobala ku Israel, anthu a m'tauni ina kum'mawa kwa Germany anapeza maenje pomwe panali timiyala tawo. Tonse khumi tinali titazulidwa. Kamwala kotere sikachoka ndi chala, kamakhala kolimba pakati pa miyala inzake. Wozula amachita kunyamula chitsulo, ndipo amadziwa khomo lililonse. Sikanali koyamba. Ku Greifswald anazula tonse 11 mu 2012, usiku wa pa 9 Novembala weniweniwo.

Atazulidwa timiyala mu 2024 muja, anthu anasonkha ndalama zoposa zomwe zinkafunika, ndipo chaka chisanathe mayina khumi aja anabwerera pamakomo pawo.